Msonkho wa m'masewera uyambire kunkhokwe

Loweruka lapitali tinali pakhonde kwathu ku Kapata, mumzinda wa Chipata ku Zambia, anthu asanu, madayisi ali patebulo, ine ndikutsogolera nkhani ya Dungeons & Dragons, masewera amene wosewera aliyense amakhala ngati munthu wa m'nkhani yopeka. Anzangawo anali atapirikitsa mfumu yankhanza m'tauni ina ya m'nkhaniyo, eni mudzi n'kuwapatsa mpando. Mng'ono wanga, amene amasewera ngati msilikali, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Akulu, nanga msonkho tizilandira zingati pachaka?"

Otsogolera masewera ambiri akafunsidwa zotere amangotchula nambala yaikulu kuti nkhani ipitirire. Ine zimenezo ndimakana. Ukangopatsa osewera golide wosadziwika kochokera, tauni ija imasanduka chitsime chongotungamo, anthu ake saonekanso.

Ndinatenga pensulo. Tauni yathu ili ndi anthu 2,000. Tikati khomo lililonse lili ndi anthu asanu, makomo ndi 400. Malamulo a masewerawa amati waganyu wopanda luso amalandira ndalama zasiliva ziwiri patsiku, ndipo zasiliva khumi zimapanga yagolide imodzi. Akagwira masiku 300, wapeza zagolide 60 pachaka. Tikati khomo lililonse lili ndi waganyu mmodzi, makomo onse pamodzi apeza zagolide 24,000. Mfumu ikatenga chakhumi, ndi 2,400. Pamenepo ndinachotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa wina amabisa, wina chaka chamuvuta, ndipo wotolera naye amadya. Zinatsala 1,600.

Mng'ono wanga anakhala chete kaye. Chovala chachitsulo chathupi lonse chimene wakhala akuchilakalaka, m'masewerawa mtengo wake ndi zagolide 1,500. Ndiye kuti thukuta la makomo 400 la chaka chathunthu likanathera pathupi la munthu mmodzi. Anaika dayisi pansi n'kunena kuti, "Ayi, tiyambe takonza mlatho." Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa apa m'pamene anayamba kuganiza ngati mwini anthu.

Koma masamu amenewa ndi theka chabe. Ife a kuno Kum'mawa tikudziwa kuti mlimi sagwira ndalama mwezi ndi mwezi. Imabwera akakolola, akagulitsa chimanga, mtedza, fodya kapena thonje. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndipo wopempha msonkho nthawi imeneyo akusaka nkhondo. N'chifukwa chake m'nkhani yanga msonkho wambiri umalowa kamodzi pachaka, komanso si wonse uli ndalama. Wina abwera ndi matumba a mapira, wina mbuzi, wina aperekera masiku olambula msewu. Osewera azidziwa kuti mapira amafumbwa, mbuzi zimafuna mbusa, ndipo msilikali wolembedwa ntchito salandira nkhuku ngati malipiro.

Ndalama yeniyeni yogwirika imachokera pachipata ndi pamsika. Aliyense amene anaonapo magalimoto a katundu atandanda pa Mwami, pamalire a Zambia ndi Malawi, kapena mayi wogulitsa tomato akupereka ya tikiti pamsika, amvetsa. Tauni yaing'ono ya panjira ya amalonda ikhoza kuposa yaikulu ya kutchire. Choncho ndisanatchule nambala ndimafunsa kaye: pali doko? Pali mgodi? Ndani amadutsa pano?

Pali chinanso chimene sindingachisiye. Chipata yemweyu ankatchedwa Fort Jameson. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, sipanapite nthawi, mu 1901 msonkho wa nyumba unayamba kutoleredwa m'chigawo chino. Unkafunika wandalama, pomwe anthu chuma chawo chinali m'khola ndi m'munda. Amuna ambiri anasiya makomo kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya kum'mwera kuti aupeze. Tsono yerekezani ndi mphatso zimene mafumu a Achewa amapita nazo kwa Kalonga Gawa Undi pamwambo wa Kulamba ku Mkaika. Konseko chuma chikuchoka m'manja mwa anthu kupita kwa wolamulira, koma kwina munthu amapita akuvina, kwina ankathawa akamva kuti msilikali wa boma wafika m'mudzi.

Izi ndimazilowetsa m'masewera mwadala. Osewera akakweza msonkho kuchoka pa chakhumi kufika pa magawo awiri mwa khumi, sindingowonjezera nambala papepala. Chaka chotsatira makomo ena amapezeka atasamuka, osula zitsulo awolokera kutsidya kwa mtsinje, ndipo amalonda apeza njira yolambalala chipata.

Loweruka likubwerali akuluakulu a m'tauni ija akubwera kudzapempha kuti msonkho uchedweko, dzombe lawononga minda ya kumtunda. Mlatho wayambika kale, amisiri akudikira malipiro awo, ndipo m'bokosi la mfumu mwatsala zagolide 300.