Tisitima ta malasha ku UK ndi ku Germany, mmene ndazionera ine

Kainjini kanga koyamba ndinakagula pa kaunjika wa zoseweretsa mu holo ina kuno ku UK, kobiriwira, ka malasha m'maonekedwe koma koyendera magetsi, kokoka tenda yake, kabogi konyamula malasha ndi madzi, kumbuyo, ndipo wogulitsayo anachita kulumbira kuti kamayenda bwinobwino. Kufika nako kunyumba, kukaika pa njanji, kayenda pang'ono nkudzidzimuka, kayendanso nkuima, ngati munthu woti walasidwa ndi minga kuphazi. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalama yake inali ya shifiti yathunthu ya usiku. Nde tsiku lina ndinakanyamula mu bokosi la nsapato kupita nako ku kalabu ya tisitima ya m'dera lathu, ndipo madala ena a imvi mbuu anangokagoneka chagada, kuyang'ana mateyala, nkundiuza kuti khala apa uone. Pa injini ya malasha, kaya yeniyeni kaya yaing'onoyi, mikono yachitsulo yolumikiza mateyala ija siyikhala pofanana mbali zonse ziwiri ayi, mbali imodzi imatsogola ndi madigiri 90, iwo amati quartering, ndiye teyala limodzi likangoterereka pang'ono pa ekiselo basi mikono ija imayamba kukokana, injini nkumatsimphina. Madala aja anazula teyalalo nkulibwezera pamalo pake, kupukuta mota, kusintha timabulashi ta kaboni tiwiri tomwe tinali titatha, kenako kadontho kamodzi kokha ka oyilo pa nsonga ya phini, akuti oyilo wambiri ndi amene amapha mota. Sanandilipiritse kanthu. Anangoti ulendo wina uchita wekha, ine ndizingoyang'ana.

Ndimaganiza kuti kulikonse ku Ulaya zimayenda choncho mpaka pamene ndinapita kukacheza kwa msuweni wanga ku Dortmund ku Germany, nthawi ya chionetsero chachikulu cha tisitima ndi zina zotero chotchedwa Intermodellbau, ndipo aneba ake, bambo achikulire ndithu, atamva kuti ndimakonda zimenezi ananditengera ku chipinda chawo cha pansi pa nyumba. Abale anga, chipinda chonse njanji zokhazokha, mapiri, milatho, magetsi a m'misewu akuyaka, ma injini akuda bii a mateyala ofiira akutulutsa utsi pa chumuni, chilichonse chili ndi bokosi lake ndi kapepala kake ka manambala a masipeya. Ndinali nditanyamula kainjini kanga kaja mchikwama kuti ndikayendetseko. Sizinatheke, ndipo nkhani yonse yagona pomwepa.

Choyamba sikelo. Ku UK anthu ambiri amagwiritsa ntchito imene amati OO, kutanthauza kuti chinthu chenicheni achichepetsa ka 76, pomwe ku Germany, France ndi maiko ena oyandikana nawo ndi HO, kuchepetsa ka 87. Koma njanji yake ndi imodzimodzi, mamilimita 16.5 pakati pa zitsulo ziwirizo. Muwerengere nokha, njanji yeniyeni ya ku Ulaya ndi mamilimita 1435, mukagawa ndi 87 mupeza 16.5 ndendende, koma mukagawa ndi 76 mupeza pafupifupi 18.9, ndiye kuti ka injini ka ku UK kamayenda pa njanji yopapatiza kuposa mmene iyenera kukhalira. Chinachititsa ndi choti ma injini enieni a ku Britain ndi ang'onoang'ono kuyerekeza ndi a ku Germany, poti milatho ndi mapanga a njanji zawo anamanga kalekale mothina, nde kale lija mota zamagetsi zinali zikuluzikulu, sizimakwana mkati mwa thupi la ka 87, opanga nkungokulitsa thupi njanji nkuisiya momwemo. Pofika 1938 kampani ya Meccano ku Liverpool itatulutsa Hornby Dublo zinthu zinakhazikika choncho mpaka lero. Bambo a ku Dortmund aja ataona kainjini kanga kataima pafupi ndi kawo anangopukusa mutu, kanga kakuoneka konenepa ngati kadya kawo. Apa ine ndivomereze kuti a ku Germany analondola. Ngakhale ku UK komweko alipo amene zimawapweteka mpaka amapanga okha njanji ya mamilimita 18.2 yotchedwa EM, ena 18.83 yotchedwa P4, kukhoma kathabwa kamodzikamodzi, nkusinthanso mateyala a injini iliyonse.

Komabe chimene chinaletsa kainjini kanga kuyenda si sikelo, ndi magetsi. Bambo aja ndi a Märklin, kampani ya ku Göppingen yomwe inayamba mu 1859, ndipo njanji zake zili ndi timitu tachitsulo pakatikati, kunsi kwa injini kuli kachitsulo kataliko kokhula timitu timeneto, magetsi ake ndi a AC, osinthasintha kolowera. Ku UK pafupifupi aliyense ndi zitsulo ziwiri basi, china kubweretsa moto china kubweza. Ubwino wa njira ya Märklin ndinauona ndi maso, njanji mutha kuizungulitsa kubwerera pomwe yachokera popanda shoti, ndipo fumbi silivutitsa kwambiri, pomwe ife kuno timakhalira kupukuta njanji sitima isanayambe kuyenda. Koma timitu tija timaoneka, komanso ukalowa mmenemo walowa, zogula zako zonse ziyenera kugwirizana ndi njanji imeneyo. Si onse a ku Germany ali choncho, ambiri a Roco, Piko ndi Fleischmann ndi a zitsulo ziwiri ngati ife, ndipo ngakhale DCC imene tonse tikuithamangira pano, yoika kachipu mu injini kuti iliyonse izimvera payokha, inachokera kwa kampani ya Lenz ya komweko.

Pamene mtima wanga wagona penipeni ndi pa kukonza. Pali matenda ena a zitsulo zoumba za tisitima takale, ku UK amati mazak rot, ku Germany Zinkpest, chitsulo cha zinki chikakhala kuti chinasakanikirana ndi mtovu pochiumba chimayamba kutupa, kusweka ming'alu, mapeto ake kufumbutuka ngati chigumu chouma, ndipo mankhwala ake palibe. Ndinafunsa bambo aja kuti zikatero mumatani, iwo anatsegula kabati, kutulutsa kapepala kojambula injini yonse chidutswa ndi chidutswa, chilichonse ndi nambala yake, akuti umaitanitsa nambala imeneyo, ikasowa umasaka injini ina yofanana nayo nkuphwasula, kapena kupita nayo ku shopu kwa mmisiri wake. Cholinga chawo nchoti ibwerere mmene inatulukira ku fakitale, osasintha ngakhale kasikuluu. Ku kalabu kwathu funso lomwelo yankho lake ndi lina, amakuuza kuti taya chowolacho, sunga thupi, pansipo umange pena. Umagula timapepala ta bulasi tosindikizidwa kale, kudula, kupala ndi tupa, kupinda, kuwotcherera, kuika mateyala atsopano, mota yatsopano ndi magiya ake, ndipo nthawi zambiri injiniyo imayenda mofatsa kuposa mmene inalili ili yatsopano.

Ndamangako imodzi yathunthu kuchokera mu kiti, phukusi la zidutswa zoti ulumikize wekha, ndipo inanditengera nyengo yonse yozizira. Boyila, chumuni ndi kanyumba ka dalaivala zinali za whitemetal, chitsulo chofewa cholemera chomwe chimasungunuka msanga, nde sungachiwotcherere ndi moto womwe umawotcherera bulasi, pamafunika solder, chitsulo chomatira chija, yosungunuka pa madigiri 70 ndi kachitsulo kowotcherera kotentha pang'ono, ukangoiwala nkukhazika kotentha kwambiri basi chumuni chako chasanduka kamadzi. Bulasi imafuna ya madigiri 145 kapena kuposa, ndiye umayamba ndi zofuna moto wambiri nkumalizira zofewa, apo ayi zoyamba zija zimamasuka. Mmene ndimagwira ntchito imeneyi ndimakumbuka amisiri okhoma zidebe a ku Ndirande, mmene amatenthetsera chitsulo pa mbaula nkumata ndowa yodontha, dzanja lake ndi lomwelo, kuleza mtima kwake ndi komweko, ndipo ife amene tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, kuika tizitsekerero ta mabotolo ngati mateyala, ntchito imeneyi siitivuta kuimva. Ku Germany makiti oterewa alipo, a Weinert ndi okongola zedi, koma mwa anthu amene ndinacheza nawo ambiri manja awo amawathera pa mapiri, tinyumba topangidwa ndi makampani a Faller ndi Kibri, mawaya ndi kompyuta yoyendetsa sitima khumi nthawi imodzi. Mukafika ku Miniatur Wunderland, nyumba yaikulu yoonetseramo tisitima ku Hamburg, yomwe inatsegulidwa mu 2001, mudzaona kumene mtima umenewo umafika. Ku UK malo amene amandigwira mtima ndi Pendon ku Oxfordshire, kumene anthu akhala zaka makumimakumi akumanga kamudzi ka m'ma 1930 nyumba imodziimodzi, denga la udzu ndi zonse, sitima nkumadutsa imodzi mwa apo ndi apo.

Mabogi nawo ali ndi nkhani yawo. Apa a ku Germany anatipambana pa zolumikizira, mabogi awo amagundana bwinobwino ngati enieni, pokhota amatalikirana okha pang'ono nkubwererana akawongoka, pomwe zokowera zakale za ku UK ndi zikuluzikulu, pakati pa bogi ndi bogi mpata woti munthu wa sikelo imeneyo sangadumphe. Kabowo kolowetsamo cholumikizira kamene pano kali pa mabogi atsopano a ku UK, kotchedwa NEM, kanachokera kutsidya komweko. Koma nawonso ali ndi kachinyengo kawo, bogi yeniyeni ya mamita 26.4 imayenera kukhala mamilimita 303 mu HO, koma kwa zaka zambiri amaifupikitsa kufika 264 kuti izikhota pa njanji zothina za m'nyumba. Nde aliyense ananama penapake, wina m'lifupi wina m'litali.

Pa utoto mpamene ku UK kumakoma. Kuyambira 1923 mpaka 1948 njanji za kuno zinali m'manja mwa makampani anayi, GWR, LMS, LNER ndi Southern, aliyense ndi mitundu yake, mabogi a GWR a khofi pansi kirimu pamwamba, a LNER a matabwa a teak opaka vanishi, ndipo kutsanzira matabwa amenewo pa pulasitiki ndi luso palokha, umayamba ndi utoto wachikasu, ukauma nkupaka wofiirira mopyapyala nkuukoka ndi bulashi youma kuti mizere ya thabwa ioneke, gawo lililonse kulowera kwake. Madala a ku kalabu akamaliza amadetsanso dala, mwaye padenga, dzimbiri pa mabuleki, malasha enieni ophwanyaphwanya mu tenda. Bambo a ku Dortmund nditawaonetsa zithunzi anagwira pakamwa, akuti ungadetse bwanji chinthu chodula chonchi, mtengo wake ugwa. Ine pamenepa sindigwirizana nawo mpang'ono pomwe. Injini ya malasha imagwira ntchito ndi moto, madzi ndi girisi, yowala mbee ngati mbale siinena zoona. Mwina kusiyanaku kukuchokera poti ku Britain malasha anatha pa njanji zazikulu mu 1968, ku West Germany mu 1977, ndipo ku mapiri a Harz mpaka lero ma injini a malasha akukokabe anthu tsiku ndi tsiku, ndiye wofuna mwaye amangokwera sitima nkukaununkhiza, pomwe madala a kuno akumanga zimene anaziona ali ana ndipo akuopa kuti ziiwalika.

Za malo ndingodutsapo, nyumba zambiri za ku Germany zili ndi chipinda cha pansi, kuno ndi shedi, kudenga kapena thabwa limodzi lotsamira khoma, nchifukwa chake timamanga kasiteshoni kamodzi kotha kunyamula pa galimoto kupita nako ku chionetsero.

Tsono ine mukandifunsa, pa kayezedwe ndi pa magetsi ndimawagwadira a ku Germany, koma munthu wa thumba ngati langa, amene sangagule injini yatsopano mwezi uliwonse, kwawo ndi ku kalabu ya ku UK kumene chakufa amachidzutsa ndi tupa. Ndipo ntchito imene ndayamba pano ikufuna onse awiri. Ndikufuna kumanga injini yakale ija imene ili panja pa Chichiri Museum ku Blantyre, imene tinkaiona tikapita ndi sukulu, pamodzi ndi mabogi awiri atatu a nthawi ya njanji yoyamba ija yochokera ku Port Herald, Nsanje ya leroyi, yomwe inafika ku Blantyre mu 1908. Palibe fakitale imene imapanga zimenezi, kaya ku Margate kwa a Hornby kaya ku Göppingen kwa a Märklin, ndiye kamangidwe kake ndi ka ku kalabu, bulasi ndi tupa. Koma njanji ya kwathu ndi mamilimita 1067, ngati ya ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Joni, ukagawa ndi 76 umapeza 14, njanji yoti mu shopu wamba simuipeza, pomwe ukagawa ndi 87 umapeza 12 ndi kakusiyana kochepa, ndipo njanji ya mamilimita 12 ilipo yambirimbiri, amagwiritsa ntchito omanga tisitima ta m'mapiri a ku Switzerland ndi ku Harz komwe kuja. Nde ndasankha sikelo ya ku Germany. Njanji ndagula kale mamita atatu, mota yaing'ono yokwana mu boyila ndaipeza, chatsala ndi miyezo, ndipo ndamutuma mphwanga ku Blantyre kuti akapemphe chilolezo kwa oyang'anira malowo, apite ndi tepi, ayeze teyala, kutalika kwa boyila ndi chumuni, ajambulenso mbali zonse zinayi ndi kunsi komwe ngati angakwanitse kuwerama.