Manambala ambiri si kulondola ayi

Dzulo ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunazizire. Tili pakati pa nyanja, tsiku lachiwiri chichokere ku Durban, mnyamata wina wophunzira ntchito anawaseka abwana athu achikulire chifukwa anatulutsa slide rule yawo, chipangizo chakale chowerengera masamu potsetsereza timizere ta manambala, kuti awerengere pamene sitima ili. Ati tsobola wakale sawawa. Iye anayeza dzuwa ndi sextant, chipangizo choyezera madigiri a pamene dzuwa kapena nyenyezi yakwera kumwamba, n'kudinadina kalikuleta, n'kutionetsa yankho la manambala 10, mapewa ali m'mwamba.

Yankho lakelo linatitaya ndi mamailosi 12! Madigiri 35 ndi maminiti 30 iye analowetsa 35.30 m'malo mwa 35.5, pamene digiri imodzi ili ndi maminiti 60. Kalikuleta sinamufunse kanthu, inangomeza n'kulavula bodza laukhondo.

Anthuni, kuchuluka kwa manambala si kulondola. Miniti imodzi pa sextant ndi mailo imodzi ya panyanja, mamita 1,852. Sitima ikugwedezeka, mzere wokumanira thambo ndi madzi uli mbuu, ngakhale katswiri amaphonya ndi miniti imodzi kapena ziwiri. Wotchi ikanama ndi masekondi anayi okha, ku equator mailo yathunthu yapita. Ndiye manambala ako 10 aja akukuuza chiyani? Dzanja lako ndi diso lako zikaphonya, makina sangakonze. Amangokongoletsa cholakwacho basi.

Inde, slide rule wamba ya masentimita 25 imangopereka manambala atatu, siikwanira pa masamu a nyenyezi, izo sindikana. Koma ya abwanawa ndi yamtundu wa Bygrave, ija ya machubu olowetsana, imene imafika pafupifupi pa miniti imodzi. Ndi mtundu umenewu umene Francis Chichester, woyendetsa ndege wa ku Britain, anagwiritsa ntchito mu 1931, ali yekha m'kandege, n'kupeza tizilumba ta Norfolk ndi Lord Howe pa nyanja ya Tasman, pakati pa Australia ndi New Zealand. Iwe ukuseka chiyani?

Abwana sanayankhe n'komwe. Anangoyang'ana yankho la mnyamatayo n'kunena kuti, "Mphwanga, bwerezanso." Anali atadziwa kale m'mutu kuti liyenera kugwera pati, chifukwa slide rule siikuuza poika kadontho, umaganiza wekha. Kuthamanga si kufika.

Chimandinyansanso china: anyamata omwewa GPS ikangozima kwa mphindi zisanu, thukuta kamukamu, maso ali pa foni. Nautical Almanac, buku losonyeza pamene dzuwa ndi nyenyezi zili tsiku lililonse, ili pashelefu pomwepo, ena sadziwa n'komwe kuti tsamba la lero lili pati.