Sipika yanuyo muziisiya kunyumba

Mtima ukadali kuwira, ndiye mundipirire. Munthu umasunga ndalama chaka chathunthu, kukwera ndege mpaka ku Mahé, chilumba chachikulu cha dziko la Seychelles, kenako boti pafupifupi ola limodzi kupita ku Praslin, lina la mphindi 15 kukafika ku La Digue. Pakachilumba ka ku Seychelles kameneka magalimoto ndi owerengeka, anthu amangopalasa njinga. Ulendo wonsewu umakhala ukusaka chinthu chimodzi basi: bata.

Lero ndinalawirira ku Anse Source d'Argent, gombe la miyala ikuluikulu ija mumaiona pazithunzi. Madzi ali mbee, osaya, mafunde akusweka kutali uko pa matanthwe a m'nyanja, pofika kuno mphamvu zatha, akungonyambita mchenga. Ndinayala nsalu yanga pamthunzi wa thanthwe, n'kumaonerera tinkhanu tikusuzumira m'maenje n'kubwereranso. Tulo tangoyamba kundiba, ndangomva gu! gu! gu! Bambo wina wamkulu bwinobwino, imvi zili mbuu, wafika ndi sipika ya Bluetooth yaikulu ngati chigubu, waiika pamchenga, voliyumu mpaka kumapeto.

Ndinapita mwaulemu. "Pepani bambo, mungachepetseko pang'ono?" Iwo akuti nawonso alipira pachipata, ali pa tchuthi ngati ine ndemwe. Mwalipira inde, koma mwalipira kulowa. Makutu athu munagula liti?

Anthuni, gombe lachete si bala. Si ukwati, si dansi. Amene akufuna phokoso malo ake alipo ambirimbiri, osasowa, ndipo palibe amamuletsa. Koma kuwoloka nyanja ya Indian Ocean, maboti awiri, kufika pamalo pomwe anthu athawira phokoso, iwe n'kulinyamula m'chikwama kubwera nalo? Ndi nzeru zimenezo? Ine sindinabwere kudzamva nyimbo zanu. Kaya ndi zokoma bwanji, sindinazipemphe. Ndinabwera kudzamva madzi, mphepo m'masamba a mitengo ya kokonati, ndi mbalame. Chilumba chomwechi ndi kwawo kwa kambalame kosowa kamchira wautali kamene eni ake amakatcha veuve, mpaka anakapatulira nkhalango yakeyake. Anthu amachokera kutali kuti angokaona. Inu mwabwera ndi gu! gu! gu!

Mwina ena bata limawaopsa, akakhala chete amayamba kumva maganizo awo, kaya. Izo ndi zawo. Mahediseti anawapangira chiyani? Valani, kwezani mpaka makutu aphulike, ife tilibe nazo kanthu. Nyimbo yanu ikathere m'mutu mwanu momwemo.

Akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Tinalipo anthu mwina makumi awiri pamchenga paja, aliyense ali phee ndi zake, wina buku, wina tulo, mayi wina akugoneka kamwana. Munthu m'modzi yekha watiwonongera tonse. Mayi uja anangonyamula mwana wake akulira n'kumapita. Ena tinasamukira kuseri kwa miyala, koma phokoso pamadzi limayenda, linatitsatira komweko. Tangoganizani, anthu makumi awiri kuthawa munthu m'modzi ngati tamulakwira ndife. Bata silinyamulika m'chikwama ngati sipika, ukalisowa pamalo ngati amenewa ukalipezanso kuti? Munthu wandibera tsiku lathunthu, ndipo masiku anga kuno ndi owerengeka.

Ndiye pobwerera ndadutsa pa akamba akuluakulu aja amasungidwa ku L'Union Estate, munda womwe anthu amadutsamo popita kugombe lija. Ndapeza mnyamata wina akugogoda chigoba cha kamba ngati chitseko, akuti adzutse mutu ajambule selfie. Kamba wamtundu umenewu amatha kukhala zaka zoposa 100, mwina ndi wamkulu kuposa agogo ake, iye akumugogoda chifukwa cha Facebook. Mnzake ali pambali kuseka, foni ili m'mwamba.