Malipiro si chithandizo, bwana

Lero ndapsa mtima ndithu, mundilole ndilankhule.

Tili pa 13, malipiro a mwezi watha sanalowebe. M'mawa uno ndayenda wapansi kuchokera ku Bangwe mpaka ku Limbe chifukwa ya minibasi ndinalibe. Ndafika 8 koloko itadutsa ndi mphindi 25, thukuta lili kamukamu, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Pageti ndapeza asupavaiza, omwenso ndi mwana wa achemwali awo a bwana, atagwira kabuku kosainira. Akuti, "Achimwene mwachedwa, tikudulani K5,000." Mudula pati? Pamalipiro amene simunandipatse?

Ndili pomwepo kufotokoza, geti latseguka, abwana akulowa ndi galimoto yatsopano. Yangotsika kumene ku Songwe, mipando idakali m'mapulasitiki. Atisonkhanitsa tonse asanu ndi anayi pafupi ndi makina osindikizira, makiyi akuwazunguza pachala, n'kumati, "Anyamata tipirire, bizinesi sikuyenda. Pano ndife banja limodzi."

Banja! Ndi banja lanji limene bambo amadya nkhuku ana akugona ndi njala?

Malipiro si chithandizo. Si mphatso. Si chopereka cha kutchalitchi choti munthu amaponya m'mbale mtima ukamuuza. Ndi ngongole. Ine ndinakukongozani kale mphamvu zanga mwezi wathunthu, ndinaima pamakina mpaka 9 koloko usiku kuti timabuku ta ukwati wa eni ake tituluke Loweruka lisanafike, ya ovataimu osaiona n'komwe. Ntchito ndinagwira, kasitomala analipira, ndinaona ndi maso anga lisiti ikulembedwa. Ndalamayo ndi yanga. Mukaisunga ndiye kuti mukusunga chinthu cha mwini. Nanga n'chifukwa chiyani ndiziipempha nditapinda manja ngati ndikupempha mchere kwa aneba?

Ndikudziwa, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala ndi inki zinakwera, ndalama zakunja zikusowa. Tazimva zimenezo. Koma kwachayo inagwera ife tonse, ndipo sinaletse galimoto ija kuwoloka malire.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mawu aja akuti "mawa". Mawa tikonza. Lachisanu zilowa. Dikirani cheke chikhwime. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Alandilodi sadya "mawa". Mayi wogulitsa makala sadziwa "Lachisanu". Mwana wanga anamubweza kusukulu sabata yatha, ndimuuze kuti cheke sichinakhwime? Kubanki m'khonde akazi anga achita kuwalembera chindapusa, ine ndalowa katapila, ndipo malipirowo akadzabwera theka ndi la mwini katapila. Foni ikangolira ndimathamangira kuona ngati ndi uthenga wa Airtel Money, ndikupeza ndi alandilodi omwe aja.

Ndiye ukafunsa mwaulemu, wasanduka mdani. "Ngati simukufuna, geti ndi ilo, pali anthu ambiri a madigiri akufuna ntchito." Ee, alipo. Koma kuchuluka kwa anthu osowa ntchito si chilolezo chodyera thukuta la amene akugwira. Lamulo la ntchito la 2000 lilipo, ndipo sililola bwana kulipitsa wantchito chindapusa mmene wafunira. Ofesi ya leba iliponso, khothi la zantchito lilipo mu Blantyre momwemuno. Abwana amadziwa zonsezi. Amadziwanso kuti munthu amene alibe ya minibasi sangalimbe mtima kukasuma. N'chifukwa chake amatichedwetsera dala, kuti tizikhala ogwada.

Ndipo musandiuze kuti ndi kampani yaing'ono. Kuchepa kwa kampani sikuchepetsa mimba ya wantchito. Ngati simungathe kulipira anthu asanu ndi anayi, lembani atatu muziwalipira pa tsiku lake. Munafuna ubwana nokha, mutu ukakula sulewa nkhonya. Zinthu zikavuta, woyamba kumanga lamba akhale inuyo, osati mlonda amene amalandira zochepa kuposa tonsefe koma amagona panja kulondera katundu wanu.

Kuofesi ya ndalama kumakhala amadamu, akazi awo a bwana. Asupavaiza ndi mbumba yawo. Ukadandaula kwa uyu, madzulo nkhani yafika patebulo la nsima kunyumba kwawo. Udandaula kwa yani?

Komanso nkhani ya penshoni ija. Mwezi uliwonse papepala la malipiro pamalembedwa kuti andidula 5 peresenti, iwo akuyenera kuwonjezerapo 10 peresenti yawo. Mnzathu wina anasiya ntchito chaka chatha, atapita kukafufuza kukampani ya penshoni anapeza kuti zaka ziwiri zathunthu sikunapite ngakhale tambala. Zaka ziwiri! Ndiye zimene amatidulazo zimapita kuti? Ine lero matayala a galimoto ija ndawayang'ana nthawi yaitali.