Chenjezo kwa a kwathu okhala ku America: ana si katundu

Loweruka lapitali, potuluka pa chinkhoswe kuno ku Indiana, ndinaona zimene mpaka lero zikundinyansa. Galimoto ya mipando isanu, koma m'katimo anthu asanu ndi atatu. Agogo ongofika kumene kuchokera kumudzi akhala kutsogolo, khanda la miyezi yochepa alifukata m'chitenje. Kumbuyo ana awiri amangidwa lamba mmodzi, wina waimirira pakati pa mipando akubayibitsa anzake. Munthu wina atafunsa, bambo woyendetsayo, suti ili thi, anangoti, "Ndi pafupi pomwepa." Pafupi! Kodi ngozi imayamba yafunsa kuti mukupita kuti?

Abale anga, tatiuzani, chimene chikutivuta n'chiyani? Ndalama ya suti ilipo, ya foni yatsopano ilipo, yotumiza kumudzi kukamanga mpanda wa njerwa ilipo, koma ya kampando ka mwana ndiye yasowa? Musandiuze zoti simudziwa lamulo. Chigawo cha Tennessee chinayamba kukakamiza timipando timeneti mu 1978, dokotala wa ana Robert Sanders atalimbana ndi aphungu a kumeneko, ndipo pofika 1985 zigawo zonse zinali zitatsatira. Zaka 40 zadutsa. Kuno ku Indiana mwana wosakwana zaka 8 ayenera kukhala m'kampando kake, komangidwa monga anenera amene anakapanga. Ku Texas ndi zaka 8 zomwezo, pokhapokha mwanayo atapitirira mafiti 4 ndi mainchesi 9, ndipo chindapusa chimayambira madola 25 mpaka 250. Ku California ndi ku Illinois, wosakwana zaka 2 ayenera kuyang'ana kumbuyo, kupatula ngati wafika mapaundi 40 kapena mainchesi 40. Ku Washington anawonjezera kuti wosakwana zaka 13 akhale kumbuyo pamene malo alipo. Lamulo limene limakugwirani ndi la chigawo chimene mukuyendamo. Mukachoka ku South Bend kupita kukalandira alendo ku bwalo la ndege ku Chicago, m'chigawo cha Illinois, dziwani kuti mwalowa kwa eni ake ena.

Ndipo agogo aja mwawaika pati? Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, galimoto ikaima mwadzidzidzi, khanda limalemera kuwirikiza ka 20 kapena kuposa apo. Palibe mkono wa munthu umene ungaligwire. Limapulumuka m'manja n'kukamenya galasi, kapena agogo omwewo amaliphwanya ndi chifuwa chawo, airbag, thumba la mpweya lofufuma pa ngozi lija, n'kumalizitsa. Mukufuna mayi wokalamba abwerere kumudzi ndi chimenecho mumtima?

Ena muli nako kampandoko, koma kali ngati chokongoletsera. Ndaona timipando togwedera ngati dzino la mwana wa sitandade wani. Gwirani pamene padutsa lamba, kankhirani uku ndi uku: kakasuntha kupitirira inchi imodzi, simunamange. Malamba a paphewa akhale othina moti simungathe kuwatsina ndi zala ziwiri. Kachomangira ka pachifuwa kakhale molingana ndi m'khwapa, chifukwa kakatsikira pamimba mwana amatha kuvuuka n'kutulukira pamwamba. Mwana akamayang'ana kumbuyo, malamba atulukire pa phewa kapena m'munsi mwake pang'ono. Akamayang'ana kutsogolo, pa phewa kapena pamwamba pake, ndipo chingwe cha kumutu kwa kampando chikoledwe pa ngowe yake kuseri kwa mpando wa galimoto. Chingwe chimenecho ambiri mumangochisiya chikulendewera, pamene ndicho chimaletsa mutu wa mwana kulumphira kutsogolo. Nyengo yozizira muvuleni chijasi chofufuma chija musanamumange. Pa ngozi chijasicho chimaphwa, malamba n'kutsala okhwepa. Mumangeni kaye, bulangete mufunditse pamwamba. Kampando koyang'ana kumbuyo sikaikidwa kutsogolo kumene kuli airbag, ngakhale mwana alire motani.

Nanga izi zopatsirana kampando kuchokera banja ili kupita banja ilo, mpaka ana asanu ndi awiri akulira momwemo? Tembenuzani muone chizindikiro cha kunsi. Timipando timeneti timatha ntchito, tambiri pakati pa zaka 6 ndi 10, chifukwa pulasitiki imafooka ndi dzuwa ndi chisanu. Kamene kanachitapo ngozi yaikulu n'kotaya. Kogula pa garage sale, pamene anthu amagulitsa zakale pakhomo pawo, mukudziwa kanadutsa muti? Wamkulupo, amene mwamuchotsa msanga pa booster, kampando kokweza mwana kuti lamba wa galimoto amukwane bwino, poti akuchita manyazi, muoneni bwino: lamba wa m'chiuno agone pa ntchafu, wa paphewa adutse pakati pa chifuwa. Ukadutsa pamimba umang'amba matumbo, ukadutsa pakhosi mwana amauponya kumsana, ndiye mwamanga chiyani?

Chilimwe chikafika mumayamba zina. "Ndingolowa mu sitolo, akugona, ndisamudzutse." Amayi inu! M'galimoto yotseka, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 20 a Fahrenheit m'mphindi 10 zokha, ndipo thupi la mwana limatentha msanga katatu mpaka kasanu kuposa lanu. Likafika 104 ziwalo zimayamba kuvutika, likafika 107 mwana wapita. Kutsitsa windo pang'ono sikuthandiza kanthu. Pa avareji, ana oposa 30 amafa chonchi m'dziko lino pa chaka, ambiri mwa iwo ongoiwalika ndi kholo lotopa. Inu amene mumagwira dabulo shifiti, kutuluka m'mawa maso ali psuu, mukuganiza kuti ndinu a mtundu wina? Ikani chikwama kapena foni pambali pa mwana kumbuyoko, kuti musatseke galimoto musanatsegule chitseko chake. Galimoto ikaima pakhomo ikiyeni, makiyi muike patali, chifukwa ana ena amalowa okha kukasewera n'kulephera kutuluka. Ku Texas ndi mlandu kusiya mwana wosakwana zaka 7 m'galimoto kupitirira mphindi 5 popanda munthu wa zaka 14 kapena kuposa. Ku California lamulo lotchedwa Kaitlyn's Law, la mu 2001, linatengera dzina la khanda la miyezi 6 limene linafera m'galimoto. Malamulo awa ali ndi maliro kumbuyo kwake, ndiye inu muziti n'zachizungu?

Tsono iyi yosiyira mwana wa zaka 9 ang'ono ake awiri usiku wonse, mwamukiyira m'nyumba, mwamuuza kuti asayankhe aliyense akagogoda. Mukuti kwathu tinkalerana. Inde tinkalerana, koma pabwalo panali azakhali, kuseri kunali agogo, mnansi ankamva kulira n'kuthamanga. Kuno mnansi wanu simumudziwa ndi dzina lomwe. M'nyumbamo muli chitofu, muli bafa, muli mankhwala a BP ndi a shuga m'chikwama cha agogo, muli jiki amene mwamuthira m'botolo la zakumwa. Moto ukabuka mwana wa zaka 9 anyamula uti, asiya uti? Ku Maryland, kusiya mwana wosakwana zaka 8 popanda womuyang'anira wa zaka 13 kapena kuposa kungakulipitseni madola 500 kapena kukugonetsani m'ndende masiku 30. Ku Oregon lamulo limatchula mwana wosakwana zaka 10. Kumene lamulo silitchula zaka musati mwapulumuka, mlandu wolekerera mwana ulipo kulikonse. Ku Indiana ndi ku Texas munthu aliyense amene waona mwana akulekereredwa akulamulidwa kukanena. Ndiye mphunzitsi kapena mnansi akaimba foni, a zosamalira ana n'kufika pakhomo, musayambe kulira kuti akuchitirani nsanje kapena tsankho. Ndipo inu amene mapepala anu okhalira m'dziko lino akadali m'njira, mlandu wotere mukuufuniranji?

Za madzi ndinene mwachidule. Kumira ndiko kumapha ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 kuposa china chilichonse m'dziko lino. N'chifukwa chake ku Arizona dziwe losambiramo la pakhomo pamene pali mwana wosakwana zaka 6 liyenera kutchingidwa ndi mpanda wa mafiti 5, ndipo ku Florida mpanda wake suchepera mafiti 4, geti lake lodzitseka ndi kudzikola lokha. Koma ife tikamaotcha nyama timaimika getilo ndi mpando kuti mbale zizidutsa bwino! Akulu 20 ali pomwepo, aliyense akuyesa kuti mnzake akuyang'ana. Mwana womira safuula ayi, amangolowa pansi mwakachetechete. Sankhani munthu mmodzi, wosamwa, wopanda foni m'manja, maso pamadzi, muzisinthana. Ndowa yokolopera ndi bafa khuthulani mukangomaliza.

Anyamata ena mwayamba kugula mfuti, akuti kudziteteza. Chabwino. Mwaibisa pansi pa matiresi, mwana sadziwa? Ana amadziwa ngodya iliyonse ya nyumba kuposa inu. Florida inayamba mu 1989 kulanga mwini mfuti yodzaza imene mwana waifikira, ndipo ku Massachusetts mfuti imene simukuigwiritsa ntchito iyenera kukhala yokiyidwa. Chotsani zipolopolo, mfuti m'bokosi lachitsulo lokiya, zipolopolo kwina.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'chifukwa chake tikulankhula, ngakhale mutitcha olowerera za m'nyumba za eni. Tatopa kuona zinthu n'kumangoseka nanu pa geti la tchalitchi. Wopanda kampando asanyamule mwana wa munthu. Ana akachuluka, pitani maulendo awiri, petulo sanaphepo munthu. Shifiti ikawombana, imbirani mnzanu, sinthanani, kapena ikaneni. Musadikire kudzatidzutsa pakati pa usiku pa WhatsApp kuti tisonkhe ndalama ya loya, kapena yotumizira kabokosi kakang'ono ku Lilongwe. Akulu akulu inu, manyazi akugwireni.