Anyani a chimpanzi a m'tchire la Tanzania ndi a mumpanda wa Zambia

Tanzania ndi Zambia ndi mayiko ogundana malire ndipo onse ali ndi nkhalango za miombo, koma anyani a chimpanzi am'tchire amapezeka ku Tanzania kokha. Ku Gombe, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, n'kumene katswiri wofufuza za anyani Jane Goodall anaona mu 1960 nyani akuthothola masamba pa kamtengo n'kukalowetsa mu una wa pachulu kuti awedze chiswe. Boma linasandutsa Gombe paki yosungira nyama mu 1968, ndipo mapiri a Mahale, omwe ali m'mphepete mwa nyanja yomweyo, anatsatira mu 1985.

Komabe anyani amene amandichititsa chidwi kwambiri ndi a m'chigwa cha Issa, m'dera la Ugalla kumadzulo kwa Tanzania, omwe amakhala m'miombo youma yokhala ndi udzu wautali, momwe mitengo ndi yotalikirana ndipo moto wolusa umadutsa chaka ndi chaka. Nawonso amawedza chiswe, ndipo m'dera lomweli la Ugalla akatswiri anapeza timitengo tomwe anyani ankakumbira mizu yodyedwa. Kafukufuku wa mu 2022 anasonyeza kuti ngakhale mitengo ndi yapatalipatali, anyaniwa sakhalitsa pansi kuposa anzawo a m'nkhalango zowirira, ndipo akamayenda ndi miyendo iwiri, kawirikawiri amakhala ali m'mwamba mwa mtengo. Chodetsa nkhawa n'chakuti anyani ambiri a ku Tanzania amakhala kunja kwa mapaki, komwe olima, odyetsa ng'ombe ndi ootcha makala akulowerera.

Zambia inatenga njira ina. Ku Chimfunshi, pafupi ndi Chingola m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, David ndi Sheila Siddle analandira mu 1983 kamwana ka chimpanzi kovulala kotchedwa Pal, ndipo lero malowa akusunga anyani oposa 100, ambiri olandidwa kwa ozembetsa nyama. Ngakhale mumpanda, anyani amatengerana makhalidwe: mu 2010 nyani wamkazi wotchedwa Julie anayamba kudzisomeka kaudzu kukhutu, anzake anamutsanzira, ndipo ena anapitiriza iye atafa.

Ntchito ya ku Chimfunshi ndi yotamandika, koma imayamba zinthu zitaipa kale, chifukwa kuti mwana mmodzi agwidwe, nthawi zambiri mayi ake amakhala ataphedwa. Mwana wa ku Issa amaphunzira kuwedza chiswe atakhala pambali pa mayi ake kwa zaka zingapo, ndipo luso limenelo likudalira ngati Tanzania iteteze miombo yomwe ili kunja kwa Gombe ndi Mahale.