Lekani kudula mapu m'mabuku akale

Loweruka lapitali ndinalowa m'sitolo ina yogulitsa zinthu zakale mu London, ndipo mpaka lero mtima wanga sunatsike. Pakhoma anapachikapo mapu a North America ojambulidwa ndi Henry Briggs, aja osonyeza California ngati chilumba, ndipo m'mphepete mwake munkaoneka bwinobwino pamene lezala linadutsa. Mapu amenewo kwawo ndi m'buku la Samuel Purchas lonena za maulendo apanyanja, lomwe linasindikizidwa mu 1625 m'magawo anayi akuluakulu. Nditafunsa kumene kuli buku lenilenilo, bambo wogulitsayo anandiyankha akumwetulira kuti linaphwasulidwa kalekale, popeza mapu ogulitsidwa paokha amabweretsa ndalama zambiri kuposa buku lathunthu.

Kumeneko ndi kuwononga, ndipo ndikukana kupatsa mchitidwewu dzina lina. Buku lapirira chinyezi, njenjete, moto ndi nkhondo kwa zaka 400, kenaka munthu wovala bwino alipha masana amodzi kuti wina akongoletse chipinda chochezera! Mapu a Briggs anaikidwa m'bukumo pothandizira mfundo yakuti pali njira yapamadzi yodzera kumpoto kwa America kukatulukira ku Pacific, ndipo munthu amene wawachotsa pakati pa nkhani za amalinyero omwe ankafunafuna njirayo watsala ndi chithunzi chosalankhula, pamene bukulo latsala lopunduka. Madzi akatayika saoleka.

Richard Hakluyt, mlembi wina wa ku England, anathera moyo wake akufunsa oyendetsa zombo, akukopera makalata a amalonda ndi kumasulira zolembedwa m'zilankhulo zina, mpaka anatulutsa buku la maulendo apanyanja lotchedwa Principal Navigations mu 1589, nalikulitsa kukhala magawo atatu pakati pa 1598 ndi 1600. Atamwalira mu 1616, mapepala ake ambiri anagwera m'manja mwa Purchas. Anthu amenewa ntchito yawo inali kusonkhanitsa, ndiye lero kwabwera akatswiri omwaza. Masamba onena za kuthira nkhondo mzinda wa Cádiz, ku Spain, mu 1596 anachotsedwa m'makope ambiri a Hakluyt pamene Earl of Essex, mmodzi wa atsogoleri a nkhondoyo, anayamba kudana ndi Mfumukazi Elizabeth, ndipo mpaka lero aliyense wogula bukulo amayamba waona ngati masambawo alimo. Ogulitsa omwewa amadandaula kwambiri ndi masamba amene ndale zinachotsa, koma m'kabati mwawo muli lezala lochitira zomwezo. Ndi dyera basi.

Ogula nawonso asadziyeretse, chifukwa ndi iwo amene amanola lezalalo. Mu 2005 Edward Forbes Smiley, wogulitsa mapu wodziwika ndithu, anagwidwa ku laibulale ya Beinecke ya pa yunivesite ya Yale wogwira ntchito wina ataona kampeni kodulira mapepala pansi, ndipo pambuyo pake anavomera kuti anaba mapu 97 m'malaibulale osiyanasiyana, kuphatikizapo British Library. Ambiri mwa mapu amenewo anali atagulitsidwa kale kwa anthu olemekezeka. Ngakhale m'sitolo muja, mayi amene anali patsogolo panga ankangofunsa ngati mtundu wa felemuyo ungagwirizane ndi makatani a kunyumba kwawo.